Usipa Wopanda Maso

Mwanaidi amakhala m'chipinda chakuseri kwa nyumba ina ku Meriting, komboni ya pafupi ndi migodi kuno ku Joni. Changa n'choyandikana nacho, ndipo chotilekanitsa ndi lata limodzi. Zambiri zimene ndikulemba pano zinandipeza kudzera m'latalo. Zotsalazo anandiuza yekha tikudikira madzi pampopi.

Anabadwira ku Mangochi, m'banja loyanika nsomba. Akuti ali mtsikana ankadziwa mwezi pongoona zimene zili pathandala. Anabwera ku Joni mu 2011, kutsatira mwamuna wake Halidi, amene amagwira ntchito ya kontilakiti kumgodi. Iye amachapa ndi kusita m'nyumba ziwiri za kumayadi ku Cashan. Ndi mayi wamfupi, wa mawu akuthwa, wosadziwa kunyengerera. Mwana ali naye mmodzi, Raziya, wobadwira konkuno.

Raziya ankadya zinthu zitatu: buledi, tchipisi ndi supu wa m'paketi. Zinayamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku limene mayi ake anamuikira usipa m'kabokosi ka kusukulu. Atatsegula, anzake anatseka mphuno, wina n'kukuwa kuti makwerekwere, dzina lonyozera ife obwera, amadya tizilombo ta maso. Kabokosiko kanabwerera kunyumba kodzaza. Kuyambira pamenepo mwana anakana usipa, kenako chigwada, therere, nyemba, mpaka chilichonse chimene chinkaoneka ngati chachokera kumudzi.

Zaka zisanu nkhondo inali yomweyo.

"Idya."

"Zikundiyang'ana."

"Zikuyang'ane zakufa? Idya, iwe!"

"Zikununkha, Mama. Nanunso mukununkha."

Apa ndinkamva mbama, kenako mbale ikugubuduka pansi.

"Mafupa amene anakunyamula miyezi naini ndi a usipa womwewu!"

"Ndiye muzidya nokha."

Mwanaidi anayesa zonse zimene ankadziwa. Anam'mana buledi masiku awiri, mwana n'kumangomwa madzi, diso lili gwa. Anamumenya ndi mthiko mpaka mthiko unathyoka. Chaka china anadzala maungu mochedwa kuseri kwa chimbudzi, poganiza kuti mwana akaona nkhwani ukumera adzaulakalaka. Anauthirira ngati dimba la kwawo, osadziwa kuti Juni wa kuno amagwetsa chisanu choyera pansi. M'mawa wina masamba onse anali atada ndi kugona. Raziya anaima pamenepo atavala jekete la kusukulu.

"Mwaona? Nazonso zakana."

Chaka chatha Idi ya nsembe inagwa pakati pa nyengo yozizira. Kunabwera Che Salehe, mchimwene wake wamkulu wa Mwanaidi, amene anagwira pansi pa mgodi zaka makumi atatu ndipo tsopano amalondera ku Ledig. Kwawo ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume, ndipo mawu ake amaposa a bambo wobereka. Anakhala pamkeka panja, padzuwa, nanenso anandiitana. Panali mpunga ndi nyama ya mbuzi. Raziya anabwera ndi buledi wake m'manja.

Che Salehe anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma mikono ngati bango, tsitsi lofiirira, ndi tizilonda m'mbali mwa milomo.

"Mwanaidi, uyu ndi mwana kapena chithunzi cha mwana?"

"Amakana kudya, achimwene."

"Aikona. Mwana sakana, mayi ndi amene amalephera. Iwe Raziya, tenga nyama."

"Sindidya zimenezo, amalume."

"Nanga umadya chiyani?"

"Chakudya cha anthu."

Che Salehe anabweza mpunga umene anali ataumba m'dzanja.

"Ndiye ife ndife chiyani?"

Raziya analuma buledi wake. Iwo anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Tamvera. Disembala ndikupita kumudzi. Mvula yoyamba ikagwa ndidzabwera pano, ndipo adzadye chakudya cha kwathu ine ndikuona. Akakana, ndimutenga akakule ndi agogo ake. Sindilola mbumba yanga kubereka machona osadziwa n'komwe kwawo."

"Achimwene, ndi mmodzi yekhayu."

"Mmodzi yekhayo wakukanika. Akanakhala asanu bwenzi utatani?"

Mwanaidi anayang'ana kwa Halidi. Halidi ankayang'ana nsapato zake.

Ogasiti anabwera ndi mphepo yake, yonyamula fumbi loyera la m'milu ya kumgodi n'kulithira pa zovala zoyanika. M'mwezi umenewo ndinayamba kumva munsi. Raziya akangotuluka kupita kusukulu, kuseri kwa lata kunkayamba kugunda, pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kumveka. Tsiku lina ndinasuzumira pakhomo. Mwanaidi anali atakhala pansi, kamtondo kali pakati pa miyendo.

"Mwaona chiyani?" anandifunsa.

"Palibe."

"Zikhale choncho. Wouza mwana uja ndimuthira madzi otentha."

Kenako anandionetsa yekha, chifukwa munthu sabisa luso lake mpaka kale. Anali atakumbukira zimene amayi amaphunzitsidwa kusikelo kwawo, zothira ufa wa nsomba m'phala la khanda. Ankatenga usipa wobwera pa basi, n'kudula mitu, n'kuchotsa matumbo. Ankaukazinga pa chiwaya popanda mafuta mpaka uume kuti gwa, zitseko zili zotsegula kuti mphepo itenge fungo. Akasinja, ankasefa kawiri pa nsalu yopyapyala. Ufawo ankausakaniza ndi sipaisi wofiira wa tchipisi m'chitini chake chomwecho cha kusitolo, wina n'kuthira mu supu. Anayamba ndi kachala kamodzi. Pofika Seputembala, theka la chitini linali usipa.

Raziya ankadya n'kumanyambita zala. Tizilonda tija tinapola. Masaya anayamba kubwera, siketi ya kusukulu inasiya kuzungulira m'chiuno. Koma m'nyumbamo mtendere sunalowe.

"Wonjezerani sipaisi, Mama. Ichi ndiye chakudya, osati tizilombo tanu tija."

"Idya, mfumukazi ya ku Joni. Idya ukhute."

Mwanaidi ankanena mawuwa mano atalumana. Pampopi anandiuza kuti nthawi zina ankafuna kumugwira pakhosi n'kumuuza zonse, kuti aone nkhope yake. Ndinati mwina ndi bwino amuuze mofatsa mvula isanagwe.

"Inu muli ndi mwana?"

"Ayi."

"Ndiye tungani madzi anu."

Ufawo unanenepetsa mwana, koma mawu a Che Salehe anali oti adye iwo akuona. Choncho Lamlungu lililonse Mwanaidi ankaikabe usipa wathunthu patsogolo pake, ndipo Lamlungu lililonse mbale inkagubuduka. Mu Okutobala mitengo ya jakaranda inachita maluwa ku Cashan. Iye ankabwera ndi timaluwa tofiirira tomamatira kunsi kwa nsapato, n'kuyang'ana kumwamba ngati mlimi amene sanamalize kusosa.

Mvula inagwa sabata yachiwiri ya Novembala, ndi mabingu, madzulo a Lachinayi. Lamlungu masana Che Salehe anali pakhomo. Pabwalo panali matope, choncho anakhala m'nyumba chitseko chili chotsegula, ine ndili pakhonde langa. Mwanaidi anaphika nsima, usipa wa tomato ndi chigwada chotendera. Anasambitsa mchimwene wake m'manja, kenako mwamuna wake.

"Raziya, samba," anatero Che Salehe.

Anasamba. Anakhala pansi, manja ali pamaondo.

"Bisimilahi. Tenga."

"Sindidya, amalume."

"Umodzi wokha," anatero Mwanaidi. Aka kanali koyamba kumumva akupempha. "Umodzi, mwanangu. Tseka maso umeze."

"Mutseke ndinu."

"Mampara! Chitsiru!" anakalipa Che Salehe. "Halidi, mawa upite ukasaine mapepala a mwana. Tinyamuka sukulu ikatseka."

Pamenepo Mwanaidi anadzuka. Anatenga chitini pashelefu n'kuchimenyetsa pamkeka, pakati pa mbale.

"Amadya! Miyezi itatu tsopano akudya usipa tsiku lililonse. Lawani, achimwene."

Che Salehe anaviika chala, analawa, anaviikanso. Kenako anaseka mpaka kutsokomola chifuwa chawo cha kumgodi.

"Ndi usipa uwu! Iwe mkazi ndiwe woopsa. Ndiye masaya awa ndi a kwathu?" Anatsina tsaya la Raziya. "Wamva, dona? Wadya thumba lonse ukunyambita zala. Basi, nkhani yatha. Akhale."

Raziya sanalire. Anayang'ana chitini, n'kuyang'ana mayi ake.

"Mu supu namonso?"

"Namonso."

"Tsiku lija ndinapatsako anzanga tchipisi kusukulu?"

"Anafa?"

Mwana anatuluka, anadutsa pamaso panga, n'kukagwada kuseri kwa chimbudzi, pamene panali maungu paja. Analowetsa zala kukhosi, koma m'mimba munalibe kanthu. Atabwerera anaima pakhomo.

"Amalume, ndipita nanu."

"Ndati ukhale."

"Ndamva. Ndipita."

"Wapenga?" anatero Mwanaidi. "Kumeneko ndi nsomba m'mawa, nsomba masana. Buledi umuona pa Idi."

"Koma zizibwera ndi mitu yake. Ndizikana ndikuziona."

"Choka apa, mwana wosayamika! Ndakupulumutsa ine!"

"Mwandithirira."

Mawu amenewo kwathu amanenedwa kwa mfiti ndi kwa mkazi wodyetsa mwamuna mankhwala. Sindikudziwa kumene mwana wobadwira ku Joni anawatola. Che Salehe anasiya kuseka, anasamba m'manja, n'kunyamuka chakudya chisanathe.

Kuyambira tsiku limenelo Raziya sanadyenso kanthu kodutsa m'manja mwa mayi ake. Tchipisi anasiya, supu anasiya. Buledi ankakagula yekha kushopu ya pakona, wa m'pulasitiki yomanga, n'kumasula yekha, wotsala n'kugona naye pansi pa pilo. Madzi ankakamwera pampopi, m'manja. Mayi ake akadutsa pafupi, ankaphimba buledi ndi chigongono.

"Ukuyesa ndine mfiti?"

"Sindikudziwa chimene muli."

Mwanaidi anatukwana, anamenya, anataya kamtondo kudzala mwana akuona. Sizinathandize. Mvula inkagwa madzulo aliwonse, udzu unabiriwira mpaka m'mbali mwa njanji, ndipo mwana ankauma. Pakutha masabata atatu tizilonda tinabwerera, siketi inayambanso kuzungulira. Tsiku lina anagwa pamzere kusukulu, aphunzitsi n'kumubweretsa pa galimoto.

M'mawa mwake ndinamva Mwanaidi akuimba foni. Sanapereke moni.

"Achimwene, mutengeni. Kwa ine afa."

Ananyamuka pakati pa Disembala. Ndinawathandiza kunyamula zikwama mpaka pokwerera matekisi opita ku Johannesburg, kumene basi ya kumudzi imayambira. Kunali kotentha kale, mitambo ikuunjikana pamwamba pa mapiri a Magaliesberg. Halidi anagwira mwana wake paphewa. Mwanaidi analowa m'shopu n'kutuluka ndi buledi awiri. Sanawagwire ndi dzanja. Anauza mwini shopu kuti awaike yekha m'jumbo, iye n'kunyamula jumboyo ndi zala ziwiri.

"Kwaya. Sindinakhudze."

Raziya anatulutsa buledi mmodzi, anayang'ana pomanga, anatembenuza pulasitiki kufunafuna kabowo. Anachita chimodzimodzi ndi winayo. Kenako anakwera, n'kukhala mbali ya kutali ndi zenera.

"Osatsanzika mayi ako?" anafunsa Che Salehe.

"Tsalani," anatero, akuyang'ana kutsogolo.

"Pita," anayankha Mwanaidi. "Ukaonde bwino."

Tekisi itachoka Mwanaidi anakhala pansi pamwala, chitenje chili kumaso, ndipo sanalole kuti wina amugwire.

Tsopano ndi Febuluwale. Mwanaidi amapitabe ku Cashan, amachapa, amasita. Chitini chija sanataye, ndipo amathira ufa wotsalawo m'ndiwo zake. Sabata yatha agogo ake a Raziya anatumiza mawu pa foni, iye n'kuwatsegula pampopi ine ndili pomwepo. Akuti Raziya akudya mango ndi chimanga chachiwisi chimene amaotcha yekha. Akuti chigwada walawako kawiri, chifukwa anasinja ndi manja ake. Usipa akukanabe, ndipo pophika amaima pambali pa poto kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akuti amufunsa ngati ali ndi mawu opita kwa mayi ake, iye wati alibe.

"Mwana wamwano," anatero Mwanaidi. "Watengera kuchimuna."

Ndowa yake inadzaza n'kuyamba kusefukira. Iye anabweza mawu aja poyambira, n'kuika foni kukhutu.