Mbuzi ya Nitai-da

Nitai Malakar ankalemba masewero a gulu lathu la zisudzo za jatra, lija limazungulira m'midzi ya ku Bardhaman anthu akatha kukolola mpunga. Ine ndinkaimba harimoniyamu, kalimba kopopa ndi dzanja, m'gululo, choncho ndinamuona kuyambira tsitsi lake lili bii mpaka litachita mbuu. Tonse tinkamuitana Nitai-da, kutanthauza mkulu wathu Nitai. Anali wamfupi, wa kamimba kotsogola, milomo ili psuu ndi masamba a paani amene ankatafuna tsiku lonse. Bambo ake ankasema zokongoletsera mafano a milungu, koma iye chilichonse chimene wagwira chinkathyoka. Atamuthamangitsa pakhomo, anayamba kusenza mabokosi a gulu, kenako kunong'oneza osewera akaiwala mawu, mpaka anayamba kulemba mawuwo yekha.

Masewero ake anthu ankawakonda. Munkakhala mwini minda wouma mtima, mwana wotayika, mayi wolira mpaka maso kuchita khungu, ndipo kumapeto onse ankapezana n'kukumbatirana. Amayi ankapukuta misozi ndi nsonga za nsalu zawo za sari, ife n'kupakira katundu kulowera mudzi wina.

Amene anamusokoneza ndi mlamu wake Sukhen, mlongo wa mkazi wake. Tsiku lina tikudya mpunga ndi nsomba kwa Nitai-da, Sukhen anafunsa uku akuchotsa minga:

"Alamu, chaka chino mwanayo atayikira kuti? Pamsika, kapena pasiteshoni ngati chaka chatha?"

"Idya nsomba, iwe."

"Ndikungofunsa. Amayi ake aja asalire msanga, ndiwauziretu kuti ampeza."

Mkazi wa Nitai-da, Jharna, anaseka mpaka kutsamwa. Nitai-da anasamba m'manja asanakhute, n'kulumbira kuti alemba nkhani imene khutu la munthu silinamvepo chilengedwere dziko.

Tinaona zakuda miyezi imeneyo. Ankatigwira paliponse, m'basi, pamjigo, pogula tiyi, kuti atiyesere nkhani. Anatiuza za ng'ona imene inakana kudya mkwati chifukwa anali ndi mawu okoma. Haripada woimba ng'oma anati azakhali ake ankaikamba imeneyo, kungoti kwawo anali kambuku. Nitai-da anabwera ndi ya wometa amene anakonda mkazi wongomumva mawu kuseri kwa khoma. Dalaivala wathu anati anaionera pa kanema ku Asansol, nyimbo zake n'kutiimbira.

"Kodi anthu akalewa analibe ntchito ina?" anadandaula Nitai-da. "Anangokhala pansi n'kumaliza nkhani zonse, ife osatisiyirako ngakhale kamodzi!"

"Inu," anatero Jharna, "mpunga ndi womwewo tsiku lililonse, koma simunaukanepo."

Iye sanamve. Anasiya kuonera kanema, anasiya kumvera wailesi, munthu akayamba kusimba chinachake ankatseka makutu ndi zala. Kenako m'mawa wina anatulukira akumwetulira, pepala lili m'manja. Nkhani yake inali ya mwamuna ndi mkazi amene anakangana chifukwa cha mbuzi imene inadya mbewu za mabiringanya. Kuyambira pamenepo sanalankhulanenso, koma ankayankhulira kudzera mwa mbuziyo. "Uwauze abwana ako chakudya chapsa." "Uwauze amayi akowo mchere wachepa." Zaka zinadutsa motero. Mbuzi inafa, ndipo awiriwo anakhala pakhonde duu, chinsalu n'kutsika.

Tinayang'anana. Haripada anakanda mutu, dalaivala anakweza mapewa. Panalibe amene anali ataimvapo. Nitai-da anatigulira maswiti a mkaka tonse, chinthu chimene anali asanachitepo.

Tinayamba kuonetsa seweroli m'mudzi wina kufupi ndi Katwa. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, makamaka Haripada atalowa atavala chikopa cha mbuzi. Koma pamene awiri aja anakhala duu, mayi wina wokalamba, wovala zoyera za umasiye, anaimirira kutsogolo n'kuloza ndodo.

"Wakuuzani ndani za m'nyumba mwanga?"

Nitai-da anatuluka kuseri kwa chinsalu. "Mayi, iyi ndaipeka ndekha, yachokera m'mutu muno."

"M'mutu mwako muli bambo a Gopal? Imeneyi ndi nkhani ya ine ndi malemu amuna anga, mudzi wonse ukudziwa. Koma inali ng'ombe, si mbuzi. Ndipo mwanamiza anthu kumapetoko. Itafa, iwo sanakhale chete ngati chitsa. Anapita kumsika kukagula ina, n'kuimangirira pakhomo panga, n'kuiuza kuti, 'Uwauze amayi ako ndawasowa.'"

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Nitai-da ankaoneka ngati munthu amene amubera nsapato pakachisi. Koma kutacha anasowa, ndipo tinakamupeza atakhala pamkeka kwa mayi uja, akumwa tiyi, akufunsa dzina la ng'ombe yachiwiriyo, mtundu wake, ndi zimene iwo anayankha. Mayiwo anati anaiuza ng'ombeyo kuti, "Uwauze alowe, kunja kukuzizira."

Nitai-da anasintha mathero tsiku lomwelo. Seweroli tinayenda nalo zaka zambiri, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse pankapezeka wina wonena kuti ndi nkhani ya amalume ake, kapena ya aneba ake. Kwina anali bakha, kwina mphaka, ku Bankura anati inali njinga. Poyamba Nitai-da ankatupa nazo. Pambuyo pake iye yemwe ndiye ankatsikira kwa anthu n'kufunsa kuti, "Kuno chinali chiyani?"

Masiku ano mawondo anamukana, ndipo iye ndi Jharna amakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Durgapur. Ndinakamuona mwezi watha. Ndinampeza pakhonde yekha, banja lonse lili m'nyumba likuonera sewero la pa TV.

"Bwanji panja, Nitai-da?"

"Andipitikitsa. Akuti ndimaulula mathero."

Anatchera khutu kuzenera kanthawi, n'kukuwa kuti, "Dokotalayo ndi bambo ake!"

M'nyumbamo munamveka mawu a Jharna: "Inu! Tikutsekerani kubafa!"