Mafuwa Atatu pa Doko la Liwonde

Tinanyamuka ku Chikweo tambala atalira kachiwiri, ine ndi apongozi anga aakazi. Inali sabata ya Khirisimasi, nkhondo ya Azungu itangotha. Iwo ankapita ku Balaka kukakwera sitima ya ku Limbe, ine n'kudzipereka kuwaperekeza. Si chifundo iyayi. Ndinali nditatha zaka zinayi pachikamwini, ndipo ndinkafuna kupempha chitengwa, mkazi wanga ndipite naye kwathu. Ndinati apongozi adzionere okha kuti mwana wawo ali ndi mwamuna wodziwa kuyenda.

Ndinavala kabudula wa kaki, pensulo kukhutu, kope m'thumba. Sitandade 4 si masewera, abale.

Mpaka ku Ntaja tinayenda pansi, iwo patsogolo, ine chapatali ndi mtolo wawo paphewa, pakuti mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Masana tinadya chinangwa chootcha cha kobiri, titafulatirana. Kenaka tinakwera lole ya Mmwenye, sheleni imodzi munthu mmodzi, titakhalira matumba a nandolo.

Pa Liwonde tinafika dzuwa litapendeka, pantoni yowolotsa pa Shire atayimangirira kale mpaka mawa. Anthu ake, mayo ine! Obwera ku Joni ndi masutikesi, amayi a matemba, mabanja athunthu, onse kulimbirana misasa ya udzu ya apaulendo. Kumapiri mitambo inali bii.

Ndinasiya apongozi patsinde pa mlambe, n'kupita kwa kapitawo wa misasayo, Myao wandevu, Che Bakali.

"Buku lolembetsa malo lili kuti?"

"Buku lanji, aphunzitsi? Apa sitilemba. Pezani msasa wopanda moto, ikani mafuwa atatu, kolezani. Basi, ndi wanu."

M'malo momvera, ndinayamba kuwaphunzitsa dongosolo la ku boma. Ndinalankhula mpaka thovu kukamwa, iwo akungowerenga mikanda yawo ya pemphero. Nditatopa, ndinasankha msasa wofolera bwino, ndinang'amba tsamba m'kope, ndinalemba dzina langa ndi zilembo zazikulu, n'kulibaya pakhomo ndi minga. Ndiye ndinapita kukagula nsomba, milamba youma ya sikisi, yoti apongozi adye ngati mfumukazi.

Pobwera ndinapeza utsi uli tolotolo mumsasa wanga, banja la ku Nsamala litayala mphasa.

"Pepani bambo, simunaone pepala apa?"

"Linali lanu? Zikomo kwambiri, latithandiza kukoleza. Nkhuni zake n'zachinyezi."

Pomwepo mvula inayamba. Ndinathamangira kumlambe, apongozi palibe. Ndinaopa zedi. Nkhalamba yotsokomola, ndaigonetsa pamvula, ndikanena chiyani kumudzi? Ndinasuzumira msasa uliwonse ngati nkhuku yofuna poikira.

Ndinawapeza kumapeto kwenikweni, moto ukuyaka bwinobwino, akucheza ndi mayi wina wogulitsa matemba. Kani nthawi yonse ndinkalalikira Che Bakali ija, apongoziwo anali atatola miyala yawo itatu. Ine kulowa sindikanatha, ndi apongozi. Ndinangoima panja, madzi akutsikira m'kabudula.

Osandiyang'ana, apongozi anauza mnzawoyo kuti: "Auzeni bambo ali panjawo abweretse nsombazo. Muwauzenso kuti za chitengwa ndinazimva kale kwa mwana wanga. Adzamutenga, koma chaka chamawa. Ayambe aphunzira kuika mafuwa, mwana wanga angakagone pamvula."

Mayi uja anabwereza mawu onsewo mokweza, osasiyako ngakhale limodzi, misasa yoyandikana ikumvetsera. Ine ndinakapempha pogona pakhonde la Che Bakali.

M'mawa tinawoloka, ndipo pofika masana apongozi anali m'sitima pa Balaka.

Inu mukadzafika pamalo odzaza chonchi, fikani dzuwa likadalipo, mverani kapitawo, yang'anani zimene akuchita amayi, ndipo nsomba mugule moto utayaka. Ine malangizo amenewa ndinawalipira ndi chaka chathunthu, khasu m'manja, m'munda wa apongozi.