Mbuzi za Amalume Zinayenda Pambuyo

Ndimagulitsa tomato pa Migowi, moyang'anizana ndi nyumba yoonetsa mafilimu. Mwini wake anaika chimkuzamawu panja kuti akope ana. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, m'makutu mwanga mumangophulika mabomba. Mafilimuwo anawamasulira m'Chichewa, ndipo womasulirayo ndi wanthabwala. Munthu akauluka ndi moto, iye amati, "Wapita uyo, kauzeni kwawo akonze bokosi." Ana amaseka mpaka kugwa pamabenchi.

Zimenezo ndinazizolowera. Makombola ndiwo andikanika. Sabata ya Khirisimasi mnyamata wina anaponya limodzi pansi pa benchi langa masanasana. Anzanga anabalalika akuseka. Ine ndinangouma pomwe ndinaima, osasuntha phazi. Anandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Sikulimba mtima. Kumene ndinachokera, pakaphulika chinthu sumathawa, chifukwa sudziwa chimene chili pansi pa phazi lako lotsatira.

Inu munabadwa nkhondo itatha, ndiye mverani.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala ku Mozambique, m'mudzi wa kwawo kwa amayi. Kunja kukayera, phiri la Michesi linkaoneka patali. Tsiku limenelo ndinkayanika makaka pathanthwe, chinangwa chathu chosenda. Mfuti zinalira cha kusukulu. Kenako utsi unakwera. Makakawo ndinawasiya pomwepo, ndi lichero lomwe.

Tinathawa anthu asanu ndi mmodzi: ine, amayi ndi khanda kumsana, amayi aang'ono, atate, ndi amalume, mchimwene wa amayi, amene anali mwinimbumba. Amalume anatenganso mbuzi zawo zinayi.

Mumsewu munali anthu amfuti. Tinasankha kanjira kodutsa m'minda yosiyidwa. Aliyense ankadziwa kuti m'tinjira totere munakwiriridwa mabomba. Aliyense ankadziwanso chimene anthu ankachita: ankatsogoza ziweto, iwo n'kumatsatira.

Atate anagwada kuti amasule chingwe cha mbuzi. Amalume anawagwira dzanja.

"Alamu, mbuzizi ndizo tikadye kutsogoloku. Tsogolani inu, muli ndi maso akuthwa."

Atate anali mkamwini. Dzina lawo linali a Juwawo. Anakhala pamudzipo zaka khumi ndi zitatu, anamanga nyumba, analima minda ya eni ake, komabe amalume akaledzera ankawatchula tambala wobwereka. Mkamwini sakangana ndi mwinimbumba pamaso pa ana. Atate anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana pansi. Mpaka lero sindinawakhululukire bwinobwino kuyang'ana pansi kumeneko, ngakhale ndinawasamala mpaka kuwaika m'manda.

Atate anavula nsapato, nazikoleka m'khosi. Anadula nsungwi yaitali. Anatiuza kuti tiziponda pomwe iwo aponda, osati pambali.

Ine ndinali wachitatu pamzere. Tsiku lonse ndinkangoyang'ana mapazi awo m'fumbi. Chala chachikulu cha kumanzere chinali chopindikira kunja. Ndinakhala nawo zaka zonsezo osachiona. Pambuyo penipeni panali amalume, atafupikitsa chingwe kuti mbuzi zisapatuke m'njira imene tapondaponda kale.

Tinagona pansi pa mitengo. Sitinakoleze moto.

M'mawa mwake tinafika pachitsime cha mudzi wopanda anthu. Panali mtengo wa mango, zipatso zitagwa n'kuwolera pansi. Khanda linkalira ndi ludzu. Atate anatiuza kuti tiime. Anapatuka okha ndi chigubu.

M'mafilimu bomba limabwera ndi moto waukulu wofiira, ndipo ngwazi imachokapo ikuyenda monyada, osacheuka. Amene anapanga zimenezo sanalimvepo. Ine sindinaone moto. Ndinamva ngati wina wagwetsa mtondo pansi, kenako dothi linatiwaza kumaso. Makutu anatseka. Mango anapitiriza kugwa kanthawi ndithu.

M'mafilimu munthu amafa msanga kuti nkhani ipitirire. Atate sanafe msanga. Ankatiyang'ana. Panali mapazi makumi awiri okha pakati pathu, koma palibe amene anathamanga. Tinaima ngati zitsa.

Amayi anapereka khanda kwa amayi aang'ono. Anayenda pang'onopang'ono, akuponda m'mapazi a atate, limodzi limodzi. Atafika anakhala pansi, naika mutu wa atate pamiyendo pawo. Anavula mpango n'kumanga pomwe panali mwendo. Mpangowo sunathandize. Ine anandiletsa kuyandikira. Ndinamva atate akufunsa ngati chigubu chasweka.

Anasiya kupuma dzuwa lili pamutu.

Manda sitinakumbe. Ndani akanalasa khasu m'dothi limenelo? Amayi anathyola nthambi za mango zomwe anazifikira ndi manja, nawafunditsa. Anatenga nsapato zija n'kubwerera chafutambuyo, m'mapazi omwewo.

Tsopano panalibenso mkamwini. Amalume anayang'ana amayi, anayang'ana amayi aang'ono, anandiyang'ananso ine. Kenako anamasula chingwe, natsogoza mbuzi.

Zinayenda patsogolo tsiku ndi theka, zikubudula udzu uku ndi uku. Ndinkapempha mumtima kuti imodzi iponde. Ndinkafuna ndimve kuphulikako, amalume alire. Ndinali mwana, koma ndinapempha zimenezo ndi mtima wonse, ndipo sindinalapepo. Palibe imene inaponda kanthu.

Tinadutsa malire osadziwa. Tinazindikira titaona mayi akupalira munda wake mosaopa, khasu likulowa pansi paliponse. Unali mudzi wina kufupi ndi Chiringa. Mayiyo anatilankhula m'Chilomwe, natipatsa madzi. Ine ndinakana kuchoka m'kanjira mpaka anabwera kudzandikoka dzanja.

Anthu atasonkhana anafunsa za bambo wa anawa. Amalume ndiwo anayankha. Anati alamu awo anali munthu wolimba mtima, anadzipereka okha kutsogolera. Anapukutanso misozi. Amayi anali ndi nsapato zija pamiyendo.

Tinafika anthu asanu ndi mbuzi zinayi, zonse zamoyo, yopunduka panalibe.

Chaka chimenecho m'mudzimo munali njala, ndipo thandizo linachedwa kutipeza. Tsiku lachitatu chifikireni, mkaka wa amayi unayamba kuuma. Amalume anatenga mbuzi imodzi, yaikazi yamawangamawanga, n'kukaisinthanitsa ndi chimanga. Anabwera nacho atasenza okha pamutu, nachitula pamapazi a amayi. Ndinalumbira kuti sindidzachilawa. Amayi anandipatsa munsi kuti ndisinje, ndipo ndinasinja.

Ndinapirira tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri ndinadya, ndipo ndinapempha china.