Tsiku Limene a Lameki Anasaina

Mukatsika minibasi pa Kamwendo n'kufunsa a Lameki, palibe amene angakufunseni kuti a Lameki ake ati. Angokulozerani njinga ya kabaza yachikasu, ya khushoni yofiira ya mphonje, mabelu awiri, ndi galasi limene silionetsa kumbuyo koma nkhope ya mwini wake. Mwini wakeyo ndi bambo wamtali, wa miyendo ngati mapolo a bulugamu, ndipo amayamba kuseka nthabwala yake asanaimalize.

Anabadwira pa esiteti ina ya fodya cha ku Mkanda. Makolo awo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti, ati kwa zaka ziwiri zokha, koma zaka ziwirizo sizinathe mpaka onse anaikidwa konkuno. Sukulu a Lameki anaiona teremu imodzi. Teremu yachiwiri inakumana ndi nyengo yothyola fodya, ndipo bambo awo anati timanja ta mwana ndi timene timasoka fodya bwino. Anasoka, anasankha, anadinda mabelo, mpaka ndevu zinamera. Atapeza njinga, fodya anamutsanzika osatembenuka. Lero tinjira tonse ta kuno ali nato m'mutu, ngakhale ta kuseri kwa madimba a kwa Mavwere. Koma chilichonse cholembedwa, kwa iwo chinali nyerere zandanda basi. Zimenezi ankazibisa mwaluso. Kasitomala akawapatsa kapepala ka kumene akupita, ankayankha kuti, "Werengani nokha bwana, ine maso ali pamsewu."

Mavuto anabwera ndi chikondi. Triza, mwana wa mchemwali wawo, anapeza mwamuna wa ku Chipata woyendetsa thiraki, ndipo poti malume wotsala anali a Lameki okha, unkhoswe unagwera iwo. Pa chinkhoswe analankhula bwino kwambiri, anthu mpaka kugwira nthiti. Koma nkhoswe ya kuchimuna, a Macdonald, inabwera itavala suti yabulauni, ndipo m'thumba la pachifuwa munali mabolopeni atatu: yofiira, yabuluu ndi yakuda. Munthu wa mabolopeni atatu! A Lameki ankati akayang'ana kumbali, maso ankabwerera okha pathumba paja.

Lamulungu lotsatira abusa anamaliza kuwapha. "Pa tsiku la ukwati," anatero, "ankhoswe a mbali zonse mudzabwera kutsogolo kudzasaina m'buku."

Moyo wawo wonse a Lameki ankadinda chala. Polembetsa mavoti, chala. Ku esiteti, chala. Sizinkawapweteka, poti pamzere ambiri ankatuluka ndi chala chabuluu. Koma kudinda chala pamaso pa mpingo wonse, mafoni akujambula, Triza atavala velo, munthu wa mabolopeni atatu ataima pambali? Ankaona kale mmene azilamu a ku Chipata azidzam'nenera mwanayo akalakwitsa ndiwo: uja wa malume a chala uja. Ayi. Panatsala masabata asanu ndi awiri, ndipo analumbira chamumtima kuti dzina lawo alilemba okha.

Tsono kuseri kwa msika, mukadutsa chigayo, kuli sukulu imene anthu amangoiti ya Chigafa, chifukwa ili m'chigafa chakale cha fodya chimene anachitchinga ndi udzu kufika m'mapewa. Ilibe yunifolomu, ilibe chikwapu, ndipo siifunsa zaka. Imayamba 2 koloko masana anthu akaweruka kumunda, ndipo tsiku la msika imatseka chifukwa ophunzira onse amakhala ali pa mabenchi awo. Mumakhala atsikana amene anasiya sukulu atabereka, amayi a geni, ana a matenanti amene makolo awo amasamuka chaka ndi chaka, ngakhale alonda ogwira ntchito usiku amene amawerenga akuwodzera. Ana oyamwa amakwawa pansi pa mabenchi n'kumadya choko. Lamulo lake lalikulu ndi limodzi: Lachisanu aliyense ndi mphunzitsi. Wodziwa kuumba mbaula aphunzitse mbaula, wodziwa kufutsa mfutso aphunzitse mfutso.

Woyendetsa sukuluyo ndi Madamu Tionge, mayi wamfupi wa mawu ofika kuchigayo. Kwa zaka ziwiri a Lameki ndi amene ankawanyamula tsiku lililonse kuwatula pa Chigafa, n'kubwerera msangamsanga kusiteji ngati m'chigafamo muli njuchi.

Koma Lolemba limenelo sanabwerere. Anakankhira njinga pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa mpanda wa udzu, n'kuitembenuza matayala m'mwamba.

"Simukupita, a Lameki?" anafunsa Madamu.

"Tcheni, Madamu. Chikulumpha. Lowani, musandidandaule."

Paudzupo panali kampata koonekera bolodi. A Lameki ananjuta, sipoko yakale ili m'manja, diso limodzi pa tcheni, diso lina pa kampata. Lachiwiri tcheni chinalumphanso. Lachitatu chimodzimodzi.

A Stelia, amayi ogulitsa zitumbuwa amene pakamwa pawo sipadziwa Sabata, anasuzumira pamwamba pa mpanda. "Alamu, tcheni chanuchi chimadwala nthawi ya sukulu yokha? Mukapite nacho kwa asing'anga."

"Inu werengani a, e, i, o, u wanuyo, alamu. Za njinga zisiyireni eni ake."

"Lowani tikugawireni benchi."

"Ine? Ndevu zonsezi? Ndikhale ndi makanda odya choko?"

Chovuta chinali chakuti m'nyerere zonse za pabolodi, a Lameki sankadziwa kuti zawo ndi ziti, ndipo kufunsa kunali kudziulula. Koma Madamu Tionge si munthu wobadwa dzulo. Lachinayi anati akufuna chiganizo chophunzirira. Anatenga choko, n'kulemba pakona ya bolodi yoyang'anizana ndi kampata kaja, zilembo zazikulu ngati chikhatho, akufuula chimodzichimodzi. "Kalasi, nenani: La-me-ki! Lameki ali ndi njinga. Mawu oyamba awa ndi ati?"

"Lameki!" inayankha kalasi yonse, ena akutsinana.

Kuseri kwa mpanda kunamveka sipoko ikukanda pansi, kwee, kwee.

Tsiku limenelo Madamu anafufuta bolodi lonse kusiya mawu amodzi aja. Anakhala pakonapo sabata, masabata awiri, mwezi. A Lameki ankawakopera pafumbi, akuwerama, sipoko ataigwira ndi nkhonya, akusuntha chammbali chilembo chilichonse ngati akubzala mtedza. Dzina limodzi linkatenga malo okwana mphasa. Akamva kalasi ikuweruka, ankafufuta ndi phazi n'kuyamba kuimba mluzu. Ankadabwa chinthu chimodzi chokha: masana alionse pansi pa mangopo ankapeza posesedwa bwino, powazidwa timadzi, dothi losalala loti chilembo chizioneka. "Koma mtengo uwu uli ndi mwayi," ankatero. Sankadziwa kuti a Stelia anagawa amayi m'magulu, Lolemba awa, Lachiwiri awa, ndipo analamula kuti wotsegula pakamwa zitumbuwa asadzazionenso.

Lachisanu lina Madamu anawaitana ali pakariyala. "A Lameki, amayiwa njinga zikawaphwera amakankha mpaka kwawo. Simungadzawaphunzitse kumata?"

"Kuphunzitsa?" Njinga inayenda mokhotakhota. "Aaa, kuphunzitsa kokha ndingathe."

Analowa m'chigafamo koyamba atapisira malaya, beseni la madzi ali nalo m'manja. Anaonetsa kufufuza pobooka ndi thovu, kukwecha chubu, kudikira guluu kuti aume kaye. A Stelia anafunsa mafunso asanu ndi limodzi, onse akuyamba ndi "Sala", ulemu wa aphunzitsi aamuna, ndipo a Lameki anatupa ngati chubu chomwecho. Pomaliza Madamu anawapatsa choko. "Mphunzitsi wa Lachisanu amalemba dzina lake pabolodi."

A Lameki anayang'ana choko, anayang'ana kalasi. "Manja ali ndi girisi, Madamu. Ndingakuipitsireni bolodi. Ndi ilo lilipo kale pakonapo."

Atangotero anazindikira kuti adzigwira okha. Munthu wosawerenga wadziwa bwanji kuti pakonapo pali dzina lake? Koma kalasi yonse inali itatanganidwa mwadzidzidzi, wina kumanga mwana, wina kuyang'ana denga.

Kutatsala tsiku limodzi ukwati, Madamu anawapatsa bolopeni yabuluu yatsopano, ati mphatso ya aphunzitsi a Lachisanu. "Muiyeseko kunyumba, papepala," anatero. A Lameki anavomera, koma mumtima anati inki ya tsiku lalikulu siyoseweretsa. Anaikoleka m'thumba la jekete osaitsegula n'komwe.

Loweruka tchalitchi inadzaza mpaka m'mawindo. Sukulu yonse ya Chigafa inakhala benchi limodzi, makanda ndi onse. Malumbiro atatha, mlembi wa mpingo anatsegula buku patebulo. Akwati anasaina. Abusa asanamalize kunena kuti "ankhoswe", a Lameki anali atafika kale, kuopa kuti zilembo zingatayike m'njira.

"Apa," anatero mlembi, akuloza.

A Lameki anayang'ana. Mzere wake unali kanjira ka mbewa, kutalika ngati chala, kupyapyala ngati udzu. Pansi pake panali kena kotero ka a Macdonald. Pafumbi palibe mizere, ndipo palibe anawauzapo kuti dzina la munthu wamkulu limakwana m'kamalo kotero. Thukuta linatsika. Mlembi, poona kuchedwa, anayamba kukankhira kabokosi ka inki pafupi, mwakachetechete, mwachifundo.

Kabokosiko ndi kamene kanawadzutsa. Anakakankha ndi chigongono. Anagwira bolopeni ndi nkhonya, anatang'adza miyendo, anawerama monga amachitira pansi pa mango.

Chilembo choyamba chinayambira pa mzere wa mkwati n'kutsikira pa mzere wa a Macdonald. Anasuntha chammbali. Chachiwiri chinameza deti. Anasunthanso.

"Bambo nkhoswe, pang'ono..." anayamba mlembi.

"Musandiyankhulitse, achimwene, ndili pamtsetse."

Atalemba zinayi, tsamba linatha. A Lameki sanaone vuto. Msewu ukatha munthu amadutsa m'munda. Anawolokera tsamba linalo, limene linali la ukwati wa sabata yamawa, n'kumaliza ziwiri zotsalazo. Anaweramuka, n'kupukuta chipumi. LAMEKI. Dzinalo linkawerengeka kuchokera benchi lomaliza, ndipo benchi la Chigafa linaliwerengadi, mokweza, mogawa ngati m'kalasi: "La-me-ki!" A Stelia anaimika nthungululu imene inadzutsa makanda onse. Abusa anavula magalasi, mapewa akugwedezeka. Triza ankaseka ndi misozi mkati mwa velo, poti iye yekha pabanjapo ndi amene ankawawerengera malume ake mauthenga a pafoni.

Inafika nthawi ya a Macdonald. Anayang'ana buku nthawi yaitali. Anatulutsa bolopeni yofiira, anaibweza. Anagwira yakuda, anaisiya. Kenaka anapukusa mutu ngati munthu wolakwiridwa.

"Manje malo kulibe. Anzanga atsiriza buku lonse. Bweretsani chabe inki tidinde, tisachedwetse anthu."

Anthu anaseka, akuti nkhoswe ya ku Zambia ndi yodzichepetsa. Koma a Lameki anali pafupi ndipo anaona. Anaona chala chikugunda inki kamodzi kokha, chikugubuduzika papepala kuchoka kumanzere kupita kumanja, mosaphonya, kenaka chikupita chokha kukadzipukuta m'tsitsi kuseri kwa khutu. Kupukuta kumeneko a Lameki anakudziwa. Anakuchita zaka makumi awiri.

Popita ku madyerero, a Macdonald anakana galimoto, ati mwadzaza, n'kukwera pakhushoni yofiira ija. A Lameki anapalasa kamtunda.

"Alamu," anatero a Macdonald kumbuyoko, motsitsa mawu, "mwandipulumutsa lero."

"Ine? Ine ndaononga buku la abusa."

"Mabolopeni aya ndimasungira madalaivala pa boda."

A Lameki analiza belu kuthamangitsa mbuzi. "Mukamadzabwera kudzaona ana, mudzandipeze kuseri kwa chigayo cha m'ma 2. Tcheni changa chimavuta nthawi imeneyo. Masipoko ndili nawo awiri."

Lolemba anawatula Madamu pa Chigafa monga mwa masiku onse. Pansi pa mango panali posesedwa, powazidwa madzi. Anapayang'ana, anayang'ana tsache limene linatsamira mpanda, chitenje cha a Stelia chitanyowa m'munsi, ndipo anakanda m'mutu nthawi yaitali. Kenaka anaimika njinga bwinobwino, matayala pansi, n'kuwerama kulowa pakhomo la chigafa.

"Lero si Lachisanu, Sala," anatero a Stelia. "Tcheni chachira?"

"Sunthani uko, alamu. Kulemba ndimadziwa, tchalitchi yonse ndi mboni. Ndangobwera kuti Madamu andichepetsereko zilembozi."

Madamu Tionge anawapatsa kope la mizere. A Lameki anakhala pabenchi, mawondo akufika m'chibwano, ndipo khanda lina linakwawa n'kuyamba kuwatafuna chingwe cha nsapato.