Kachitini ka Polishi ka Amalume

Ndili ndi kachitini kachikasu komwe ndimasungiramo singano ndi mabatani. Ndikakatsekula kamanunkhirabe polishi wa galimoto, ndipo fungolo limandibwezera ku Kamwendo, chilimwe chomwe ndinali Sitandade 4.

Amalume ankayendetsa galimoto yakuda ya mwini golosale wina wa ku Boma. Abwanawo atapita ku Zambia kwa mwezi wathunthu, galimoto inkakhala pakhomo pathu, pansi pa mtengo wa mango. Inkawala moti nkhuku zinkajompha chithunzi chawo pachitseko.

Ine ndinkatchuka ndi kukwecha mapoto. Amayi ankanyadira kuti poto wotsuka ine munthu akhoza kumetera ndevu. Ndiye tsiku lina, amalume atapita kumaliro, ndinaona fumbi pagalimoto n'kuganiza zowasangalatsa. Ndinatenga chiguduli, sopo ndi kamchenga kosalala, n'kuyamba kukwecha mozunguliza monga ndinkachitira ndi mapoto. Zitseko ziwiri, boneti, mpaka denga nditakwera pampando.

Pamthunzi inkaoneka bwino zedi. Koma amalume ataitulutsira padzuwa, penti yonse inali mizere yozungulira ngati ukonde wa kangaude. Anakhala pansi, manja kumutu. Amayi anangoti, “Ntchito ya achimwene yatha basi,” n'kuyamba kuyang'ana kamtengo kondikwapulira. Lero ndine mayi, ndipo sindiwaweruza. Ntchito imeneyo ndi imene inkatigulira feteleza.

Anandipulumutsa ndi aphunzitsi anga aakazi, omwe ankachita lendi nyumba yoyandikana nafe. Anabwera atamva kulira kwanga, nayendetsa chala papentipo. Anati mizereyo sinalowe kwambiri, chikhadabo sichikukodwamo, ichoka.

Pamsika panali bambo wina wokhala ndi makina opolishira, ozungulira ngati chimbale. Ankalonjeza kuti tsiku limodzi lokha galimoto ibwerera mwakale. Amalume anakana. Anati makina amatenthetsa penti, ndipo dzanja likangochedwa pamalo amodzi, makamaka m'makona, amadya mpaka chitsulo kuonekera. Zinali zoona ndithu, koma anazinena akuyang'ana aphunzitsi.

Choncho tinayamba ndi manja. Amalume anagula kachitini kaja, aphunzitsi anabweretsa masikipa akale ofewa, odula tizidutswa. Masana aliwonse akaweruka kusukulu tinkakumana pansi pa mango. Tinkayamba tatsuka fumbi lonse, chifukwa kamchenga kamodzi kakatsalira pansanza, ntchito ya dzulo yawonongeka. Kenako kupaka polishi pang'ono, malo aakulu ngati chikhatho, n'kumapukuta mowongoka, kupita ndi kubwera.

“Si poto uyu, iwe! Usazungulize!” Amalume ankatero tsiku lililonse, aphunzitsi n'kumaseka mpaka kugwira pamimba.

Ndimakumbukira kutentha kwa chitsulo, nyenje zikulira, mapewa akuwawa, ndi zala zonunkhira polishi ngakhale pakudya. Ndimakumbukiranso chimwemwe cha tsiku lomwe tinakankhira galimoto padzuwa n'kupeza chitseko chimodzi chikunyezimira, nkhope zathu zitatu zikuoneka bwinobwino. Ndinavina. Amalume anandituma kukagula mafiriziksi, timadzi tozizira toyamwa tija, ndipo anandiuza kuti ndisathamange, ndingagwe. Ankandituma kawirikawiri masiku amenewo, nthawi zonse kugolosale yakutali.

Chinkandidabwitsa n'chakuti ine ndinkamaliza chigawo changa msanga, koma akuluakulu awiriwo ankatha masana onse pa chitseko chimodzi. Ndinkaganiza kuti mwina ukalamba wayamba kuwagwira.

Kutatsala masiku awiri kuti abwana abwere, boneti ndi denga zinali zisanakhudzidwe. Amayi anaima pakhonde manja m'chiuno. “Achimwene, chitseko chimenecho chibowoka. Kaitaneni wa makina uja.”

Anabweradi, chingwe chake tinalumikiza kwa aneba. Makina analira ngati chigayo chaching'ono, polishi akuthovokera pamalaya athu. Bamboyo ankayendetsa dzanja mosaima, ndipo m'makona anasiyira ife kuti timalize ndi nsanza. Dzuwa lisanapendeke, zonse zinali zitatha. Penti sinapse ngakhale pang'ono.

Abwana atafika anaizungulira galimoto kawiri, nafunsa amalume kuti aipentetsa kuti. Ntchito inapitirira, ndipo chaka chimenecho feteleza tinathira.

Koma ine zinandikwiyitsa. Ndinafunsa amalume chifukwa chimene tinavutikira milungu itatu pamene makina akanatha tsiku limodzi. Iwo anangokanda m'mutu. Aphunzitsi anayang'ana kumbali, akupinda kansanza kopindapinda kale. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi, n'kundipatsa kachitini kopanda kanthu kuti ndizikaseweretsa.

Aphunzitsi aja lero ana anga amawaitana kuti agogo, ndipo ali pabanja ndi amalume ku Boma. Koma tsiku limenelo ndinagona ndikudandaula kuti anthu aakulu awiri, wina mpaka mphunzitsi, analephera kuganiza chinthu chapafupi chonchi.