Matepi a Mtanda Wofiira

Mlamu wanga ali ndi zaka 74. Ndi wopuma pantchito, ndipo mumsewu mwathu amangomuti Bambo Matepi. Anagwira zaka 31 kunyumba ya kanema, m'chipinda chapansi chopanda zenera, akusunga matepi. Anakwatira mlongo wanga. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi.

Masiku amenewo Loweruka lililonse masana pa kanema pankakhala sewero la ana atatu ofunafuna theka la mapu ong'ambika. Ankalowa m'mapanga a makatoni, akuthamangitsidwa ndi mbava ya diso limodzi imene tonse tinkadziwa kuti ndi dalaivala wa pakampanipo. Nyumba yokhala ndi kanema inkadzaza, ena n'kumasuzumira pawindo. Mtsikana wonyamula tochi m'seweromo anali mwana wa mlamu wangayo. Anamutenga chifukwa tsiku lina anabweretsera bambo ake chakudya ndipo sanaope kamera. Dzina loti Katochi linamukakamira mpaka kukula.

Matepi anali osowa. Pulogalamu ikaulutsidwa ankaifufuta n'kujambulapo ina, ndipo za ana ndi zimene zinkayamba kufufutidwa. Bwana atalamula kuti magawo onse 26 afufutidwe, mlamu anangoti, "Chabwino bwana." Kutuluka nawo sakanatha. Pageti ankasecha zikwama, komanso makina owasewerera sanali a m'nyumba.

Pantchitopo panali lamulo. Tepi yowonongeka ankailemba mtanda wofiira n'kuiika pashelefu yapansi. Palibe ankaikhudza, poopa kuti idetsa makina. Mlamu anamatula timapepala ta maina, n'kulemba mtanda pa matepi onse 26, abwinobwino. M'kaundula analemba kuti afufutidwa. Manambala ake anasunga m'kabuku ka m'thumba. Kuntchito sanauze munthu.

Katochi anamwalira ali ndi zaka 23, atadwala sabata imodzi. Zithunzi zake zilipo zinayi. Mawu ake ndi kathamangidwe kake zinatsala m'matepi aja basi.

Mlamu atapuma ntchito ndinkamuuza.

"Alamu, kaululeni. Bwana uja anafa, akumangani ndani?"

"Ali bwino pomwe alipo. Mtanda ukuwalondera."

"Mlonda weniweni amagona, nanga inki?"

Mlongo wanga ankati, "Asiyeni, achimwene. Awa ngakhale shuga amabisa m'chitini cha mchere, kenako n'kumwa tiyi wowawa okha."

Tinkaseka. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha choncho. Zoona zake mlamu anandiuza kamodzi kokha, tikukonza geti. Anati, "Ndikamuona mwanayo akuthamanga, tepi ikatha ndidzalowera kuti?" Ndinamupempha hamala.

Chaka chatha tinamva pawailesi kuti nyumba ya kanema ikusamutsira zakale zonse m'kompyuta. Mlamu anazengerezabe miyezi inayi. Adokotala atamuuza kuti maso ake akutha ndipo sabwereranso, m'pamene anavala jekete, n'kutenga kabuku kaja. Ndinamuperekeza.

Anatilandira mayi woyang'anira ntchitoyo, wa zaka za m'ma 40. Atamva za sewerolo anaimirira.

"La mapu lija? Bambo, anthu amatifunsa tsiku ndi tsiku! Ineyo ndinakwapulidwapo chifukwa chomaliza mabatire a tochi ya kwathu, ati ndine Katochi. Tinasaka paliponse. Kaundula akuti linafufutidwa."

"Kaundulayo ndinalemba ndine, mayi. Linali bodza. Pitani pashelefu yapansi, a mtanda wofiira. Manambala ndi awa."

Mayiyo sanalandire kabukuko. Anakhala pansi.

"Bambo, makina osewerera matepi amenewa atsala amodzi okha. Amisiri anati tisaikemo ya mtanda ngakhale imodzi. Tinatsatira lamulo lanu lomwe lija. Lole inadzatenga onse kukataya."

"Liti?"

"Mwezi wathawu."

Mlamu anatseka kabuku. Anafunsa kumene kuli chimbudzi. Chimbudzicho ankachidziwa, anagwirapo zaka 31. Anakhalitsako.

Mawa lake tinapita kudzala la mzinda. Munthu wina wotola zitini anati matepi anawaona. Ena anakwiriridwa ndi thirakitala. Ena anthu anawaswa, n'kusolola chingwe chakuda cha m'kati mwake kukamanga m'minda poopsezera mbalame. Mlamu anafukula ndi ndodo maola atatu. Anapeza chivundikiro chimodzi chosweka. Nambala yake sinali m'kabuku.

Kunyumba mlongo wanga anamvetsera zonse ataimirira pakhomo la khitchini. Ndiye anati, "Ine simunandifunse ngati ndinkafuna kumuona." Sanakweze mawu. Bola akanamukalipira. Anabwerera kukatsuka mbale zotsuka kale.

Patatha milungu itatu mayi uja anaimba foni. Anati poti zithunzi kulibe, mwina mlamu angafotokoze nkhaniyo pakamwa, iwo ajambule. Anavomera. Amakumbukira zonse, mpaka tsiku limene phanga la makatoni linagwera mbava ija. Amayerekeza mawu a mbava, a anyamata awiri aja, ngakhale a galu wa m'seweromo. Akafika pa mawu a Katochi amangoti, "Apa mtsikana analankhula," n'kupitirira.

Amapita Lachiwiri lililonse. Ndimamuperekeza chifukwa saonanso zolembedwa pabasi. Mlongo wanga sapita. Mlamu wafika pa gawo la 9.