Geti la Kuphanga la Mileme

A Sindiphonya anali mmisiri wowotcherera zitsulo, ndipo dzinalo anadzipatsa okha. Mageti, mabedi, zitsulo za m'mawindo, zonse zinkatuluka m'kashedi kawo kuseri kwa msika. Ntchito ankaidziwa, tisaname, koma matama ake! Kasitomala akati anenepo maganizo, iwo ankangoti, "Mwabwera kudzandiphunzitsa ntchito?"

Tsiku lina kunabwera mayi wina wogwira ntchito yoteteza nyama zakutchire. Anati kuphiri kuli phanga logonamo mileme ya mtundu wosowa, yotsala m'mapanga owerengeka okha, ndipo anthu okumba manyowa akuisowetsa mtendere. Ankafuna geti loletsa anthu koma lolola mileme kudutsa.

"Zitsulo zigone chopingasa, bambo, ndipo zitalikirane," anatero mayiyo.

A Sindiphonya anavomera ndi mutu, mumtima akuseka. Zitsulo zogona? Si makwerero a mbava amenewo? Anaziimika chilili, zothithikana ngati mano a chipeso, monga ankachitira m'mawindo a anthu. Getilo anakaliika mayiyo ali pa ulendo, n'kumauza aliyense kumsika kuti pamenepo ngakhale khoswe sangalowe.

Mayiyo atabwerako anawatengera kuphangako dzuwa likupendeka. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Taonani, bambo."

Mileme inkachokera mkati mapiko ali tambasu, kufika pazitsulo, n'kubwerera. Ina inkadziguguda pagetipo n'kugwa. Pansi panali yakufa kale, youma ngati masamba.

"Mleme umauluka mapiko ali otambasula, pampata woimirira sungadutse," anatero mayiyo. "Ino ndi nyengo yoyamwitsa. Ukapanda kutuluka kukadya tizilombo, mkaka umauma."

Kalanga ine, manyazi amene anawagwira a Sindiphonya! Munthu wamkulu, wa imvi zake, kusowa poyang'ana. Anatsika phiri chothamanga, kukatenga sowo, n'kubwerera kudzayamba kucheka geti lawo lomwe, chitsulo chimodzichimodzi, mpaka manja kutuluka matuza. Mpata utatseguka anaima pambali kudikira chigulu cha mileme. Inatuluka yochepa chabe, nayonso youluka mofooka.

Potola zidutswa za zitsulo anaona mleme wakufa, kamwana kamoyo katakakamirabe pachifuwa pake, kakufunafuna bere. Anautola ndi manja awiri.

"Amayi, nanga aka, tingakapulumutse?"

Mayiyo anakayang'ana, kenaka anapukusa mutu.